Matemba a Apongozi

Mauwa, zaka zoyamba

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, iwo ndiwo amadziwa kuzikometsa. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa. Bungwe lina lothandiza alimi, lomwe linatseka kalekale, linandilemba ntchito ya ulangizi wa ulimi wa nsomba m'madamu, n'kunditumiza ku Mauwa. Anandipatsa njinga yakapalasa yopanda mabuleki, jombo zomwe ina inali yaikulu kuposa inzake, ndi mawu akuti zipangizo zina zikubwera m'mbuyo. Zipangizo zimenezo ndapuma pantchito ndisanazione.

Masiku oyamba anthu ankandiyang'ana ngati wozungulira mutu. Pamsonkhano wina bambo wachikulire anaimika dzanja n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti, "Alangizi, mwati nsomba tizilima. Nanga kupalira kwake tizipalira ndi chani?" Anthu anaseka mpaka misozi, ine ndili chiimire ndi jombo zanga zosiyana zija. Komabe pang'ono ndi pang'ono ena anakumba. Tinkayeza damu ndi chingwe cha khonje, ukonde unali umodzi wobwerekana midzi yonse, ndipo ukang'ambika wosoka ndinali ine ndemwe. Kumeneko ndiko ndinaphunzira ntchito yeniyeni, osati ya m'kalasi: makumba amafuna madeya ndi madzi obiriwira ndi manyowa, chilunguni chimakonda masamba, mlamba ukalowa m'damu la makumba umatha tiana tonse, ndipo katumbu ndi ng'azi amakolola usanakolole. Kumeneko ndikonso ndinapeza amayi anu, akugulitsa nthochi pafupi ndi chipatala. Nsomba yomwe ndinkaidziwa ine inali nsomba yodya, ndipo ndinkaganiza kuti padziko lapansi palibenso ina.

Namitambo, Malichi

Patapita zaka anandisamutsira ku Namitambo, ndipo kumeneko ndiko kuli nkhani yomwe mpaka lero ndikaikumbukira ndimapukusa mutu ndekhandekha. Nthawi imeneyo ndinali nditakwezedwa, ndinali ndi njinga yamoto, kungoti mafuta ake ankaoneka mwa apo ndi apo. Ndinali nditanyengerera alimi a tomato kuti akumbe madamu m'madimba mwawo. Musaganize kuti zinali zophweka. Dimba kwathu kuno si malo oseweretsa, ndi momwe mumachokera sopo, fizi ndi feteleza. Wapampando wa kalabu yathu ya alimi a nsomba anali Che Saidi, bambo wachisilamu wosachulukitsa mawu, amene anapereka chigawo chabwino kwambiri cha dimba lake n'kukumbapo damu chifukwa chokhulupirira pakamwa panga. Iwo atakumba, ena onse anatsatira.

Pofika Malichi madamu anali atadzaza, manyowa titathira, madzi atabiriwira bwinobwino. Chotsala chinali mbewu, ndiye kuti tiana ta makumba, tomwe tinkayenera kukatenga ku Zomba m'migolo ya madzi. Galimoto ya bungwe inali imodzi yokha, ndipo makiyi ake ankakhala m'thumba la abwana athu, a Mhango, ku ofesi yathu ya pa Boma ku Chiradzulu. Nthawi inali yothina. Mbewu imafunika ilowe m'damu kusanazizire, chifukwa ikakumana ndi chisanu cha Juni ili yotopa ndi ulendo, imafa, kapena imangokhala osadya, osakula. Che Saidi anali atandiuziratu pamaso pa anthu kuti, "Alangizi, kukayamba kuzizira nsomba zanuzo zisanabwere, ine ndiphwetsa madziwa ndibzale tomato wanga. Ndipo ndikaphwetsa ine, musayembekeze kuti wina atsala."

Ndiye tsiku lina ndinavala malaya ochapa n'kupita pa Boma kukapempha galimoto. A Mhango anali munthu wa kumpoto, wamtali, waukhondo, wosaba ngakhale cholembera cha bungwe, koma akagwira ganizo analibe pobwerera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Za galimoto tikambirana, a Makwinja. Pali nkhani ina yachangu. Tiyeni kunyumba." Ine ndinaganiza kuti mwana wadwala. Tikufika pachipata ndinaona mayi wokalamba atakhala pamphasa kuseri kwa khitchini. A Mhango atangowaona anaweramitsa mutu, n'kukhota kukalowera khomo lina. Sindinafunikire kuuzidwa kuti amenewo ndi apongozi. Inu ana a masiku ano mumakhala sofa imodzi ndi apongozi anu n'kumalimbirana limoti ya wailesi ya kanema, koma nthawi yathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sankayang'anana kumaso, sankalankhulana mwachindunji. Mawu ankadutsa mwa munthu wina.

Pabalaza, pafupi ndi zenera, panali bokosi lagalasi lodzaza madzi. M'kati mwake munali miyala yoyera, udzu wapulasitiki, ndi kapampu ka magetsi kotulutsa thovu. Mmenemo munkayandama nsomba zofiira, zonenepa mimba, za michira yaitali yolendewera ngati nsalu ya mkwatibwi. Mayi Mhango anali atazigula ku sitolo ina ku Limbe. Vuto linali lakuti michira ija ndi zipsepse zinali zitang'ambikang'ambika, ina itatsala theka.

"Mwaona?" anatero a Mhango. "Zikutha michira. Inu ndinu a nsomba, tiuzeni matenda ake."

"Bwana, ine nsomba zanga ndi za m'damu. Izi ndikuziona koyamba. Kodi zimadyedwa?"

Mayi Mhango anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Nsomba ndi nsomba," anatero abwana. "Mukalephera kuchiritsa tinsomba tochepa tili pamaso panu, ndingakupatseni bwanji migolo yodzaza mbewu ya bungwe? Izi zichire kaye, galimoto muitenga."

Ndinaseka, poganiza kuti n'zocheza. Ndinaseka ndekha. Pobisa manyazi ndinawerama n'kuyang'anitsitsa m'galasimo, ndipo ndinaona kuti mulinso tinsomba tina tating'ono tothamangathamanga, tomwe ndinatizindikira nthawi yomweyo. Anali matemba, matemba enieni a mumtsinje. Nditafunsa, Mayi Mhango anayankha mwachidule kuti amene anawaikamo ndi amayi awo, a Nangondo, omwe anabwera kudzacheza kuchokera kwa Kadewere, ndipo anawagwira ndi chitenje kumtsinje pokachapa. "Amenewo asiyeni, alibe vuto," anatero. Nane sindinawaganizire chilichonse. Matemba ndinali nditakhala nawo m'madamu zaka zonsezi, osamvapo kuti alakwira munthu.

Epulo

Mwezi wonse wa Epulo ndinakhala dokotala wa nsomba zosadyedwa. M'mawa ndinkayendera madamu opanda nsomba ku Namitambo, masana n'kuthamangira pa Boma kukaona michira. Ndinayamba ndi zomwe ndinkadziwa. Ndinathira mchere pang'ono, monga timachitira ndi makumba akachita zilonda. Palibe chinasintha. Ndinati mwina ndi madzi a pampopi, onunkha mankhwala aja, ndiye ndinayamba kutunga pamjigo n'kumasintha pang'onopang'ono, munthu wamkulu, wa banja, kunyamula ndowa kudutsa pamaso pa amesinjala a pa Boma. Michira inapitiriza kufupika. Kenako Mayi Mhango anamva kwa mwini sitolo uja kuti kuli mankhwala abuluu ochiza zipsepse zikamawola. Pamenepo ndinaona zomwe sindidzaiwala. Galimoto ija, yomwe inalibe mpata wopita ku Zomba kukatenga mbewu ya midzi yonse, inalizidwa m'mawa n'kupita ku Limbe kukagula kabotolo kakang'ono ngati chala changachi. Ndinaima pakhonde la ofesi n'kumaionerera ikutuluka.

Mankhwala abuluu aja anadetsa miyala yoyera, anadetsa nsalu ya patebulo, anadetsa zala zanga sabata yathunthu, koma michira sanaithandize. Aliyense anali ndi maganizo ake. Mlonda wa pa ofesi anati ndi nsanje za anthu oyandikana nawo. Dalaivala anati nsomba za m'tauni sizingapirire mphepo ya ku Chiradzulu. Mayi Mhango anayamba kunena mokweza, ine ndikumva, kuti anthu ena amalandira malipiro a ulangizi koma sadziwa kanthu. Kunyumba nako kunalibe mpumulo. Ndikangoimika njinga, amayi anu ankafuula kuti, "Ana inu, landirani adokotala! Odwala agona bwanji lero, adokotala?" Zinkandikwana, koma ndikanayankha chiyani ndi zala zabuluu?

Che Saidi ndinakumana nawo pamsika wa Namitambo akugula chingwe cha mbuzi. Sanandifunse za mbewu. Anangoyang'ana kumwamba, n'kunena kuti m'mawa wa tsikulo anafunda bulangete. Ndinawauza kuti galimoto ili pafupi kupezeka. "Chabwino, alangizi," anatero, n'kupitiriza kusankha chingwe.

Choonadi ndinachiona mwangozi, tsiku lomwe magetsi anathima masana. Ndinali pabalaza paja kudikira Mayi Mhango omwe anali atapita kukaluka tsitsi. Kapampu kanasiya kulira, thovu linatha, madzi anakhala bata, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhala pansi n'kungoyang'ana, osathira kalikonse. Nsomba yofiira ina inkasambira mwaulesi, ikukoka mchira wake. Katemba kamodzi kanabwera chakumbuyo, n'kuzembera, n'kutsompha nsonga ya mchira, tswi, n'kuthawira ku udzu wapulasitiki. Kenako kena. Kenako kena, pachipsepse cha pamsana. Yofiira ija inayesa kutembenuka, koma ndi mimba imeneyo ndi nsalu imeneyo ikanagwira ndani? M'damu nsomba ikavutitsidwa imapita kutali, koma m'bokosi mulibe kutali. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mong'ambikamo munali mosalala ngati modula ndi lumo, mopanda zoyerayera za kuwola. Sanali matenda ayi. Mwezi wathunthu ndinali ndikuthira mankhwala pa mabala a mano. Ndinatukwana matemba aja mokweza, m'nyumba ya eni ake, mawu omwe sindingalembe muno.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya abwana ndikumwetulira, ndikuona kale migolo ili pagalimoto.

"Bwana, ndapeza. Si matenda. Ndi matemba aja, akuzidya michira. Tikawachotsa, zipsepse zimera zokha."

Ndinkayembekeza kuti andigwira chanza. M'malo mwake anadzuka, n'kukatseka chitseko, n'kubwerera pampando ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

"A Makwinja, matemba amenewo ndi a apongozi."

"Eya, bwana. Ndiye mayi akawauze amayi awo."

"Mayi anena kale kuti za pakati pa ine ndi amayi awo salowererapo. Agogowo chibwerereni akuoneka kuti ali ndi kanthu kukhosi. Ndikachotsa chinthu chomwe anaika ndi manja awo, ndiye kuti ndawathamangitsa." Kenako anandiyang'ana ndi maso omwe sindinawakonde. "Inu ndinu wa konkuno. Kalankhulidwe kake mukukadziwa. Mundipitire."

Umu ndi momwe ine, mlangizi wa nsomba, ndinasandukira nkhoswe ya banja la abwana anga, popanda wondifunsa ngati ndikufuna.

Meyi

Ndinawapeza a Nangondo pamphasa yawo kuseri kwa khitchini, akuswa mtedza m'lichero. Ndinavula chipewa, n'kukhala panjerwa chapatali, n'kuwomba m'manja. Tinalonjerana mpaka malonje anatha. Ndinafunsa za mvula ya kwa Kadewere, za nandolo, za miyendo yawo. Kenako ndinati, "Anganga, ndabwera ndi mawu a akamwini anu."

"Oo," anatero, osakweza mutu. "Ali ndi pakamwa tsopano?"

Ndinazungulira monga mwa mwambo. Ndinayamikira mphatso yawo ya matemba, kuti yakongoletsa nyumba. Ndinati kungoti zolengedwa zina sizigwirizana zikakhala malo amodzi, osati chifukwa choti zina n'zoipa, koma chibadwa. Ndinati zofiirazo n'zofatsa, pamene matemba ndi ochangamuka, ndiye pamachitika kakusamvana pang'ono chakumchira. Iwo anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma.

"Bambo, musavutike," anatero. "Kuti akuluma ndinaona tsiku lomwe ndinawaikamo. Maso ndili nawo."

"Nanga osanena bwanji, anganga?"

"Ndinene kwa ndani? Kwa khomali?" Anaika lichero pansi. "Poyamba ine ndinangoti m'madzimo muli alendo okhaokha, mukhaleko eni dziko. Nditaona kuti akulumana ndinati, eya, mwina tsopano bamboyu atuma munthu. Chifukwa ine ndili ndi mawu, ndakhala nawo zaka. Anatenga mwana wanga, zidzukulu zafika pomatha kuwerenga, koma kwathu kwa Kadewere sanaumbeko njerwa ngakhale imodzi. Akabwera amagona m'nyumba mwanga, ine n'kukagona kwa achemwali anga. Nyumba inoyi ndi ya lendi. Ntchito ikadzatha, kaya Mulungu akadzawatenga bamboyo, mwana wanga adzalowa khomo la ndani? Mukawauze choncho. Anene mwezi woumba njerwa, matembawo ndichotsa ndekha."

Ndinabwerera ku ofesi. Kunena zoona, agogowo sanali kulakwa. Kwathu kuno mwamuna amamanga kwa mkazi, ine ndemwe ndinamanga kwa amayi anu. Koma taonani pomwe ndinali: galimoto inkadikira michira, michira inkadikira matemba, matemba ankadikira nyumba ya njerwa kwa Kadewere. A Mhango atamva uthengawo anagwira m'mutu. "Kwathu mwamuna samanga kwa mkazi, a Makwinja. Abale anga akamva adzati ndakwatiwa. Kawauzeni kuti ndiganizira." Ndinapita. A Nangondo anati, "Kuganizira si dzina la mwezi." Ndinabwerera. Abwana anati ndiwauze kuti nkhani yaikulu chonchi imafuna akuluakulu a kwawo. Agogo anati akuluakuluwo akwere basi. Anthu awiri ogona mpanda umodzi, olekanitsidwa ndi khoma limodzi, koma mawu awo ankayenera kuyenda ndi munthu wochokera ku Namitambo pa mafuta omwe ankayenera kuyendera alimi.

Ndinayesa nzeru zonse. Ndinati tipeze beseni lalikulu, matemba tiwasamutsiremo mwaulemu, tiziwadyetsa bwino. Mayi Mhango anati kuchotsa ndi kuchotsa basi, kaya mukuika m'beseni lagolide. Ndinati chabwino, ndiye tisamutse zofiirazo. Abwana anakalipa kuti, "Nsomba zanga zikakhale m'beseni lochapira, matemba atsale pagalasi pabalaza panga?" Ndinati tiike kagalasi kena pakati kogawa bokosilo. Onse awiri, aliyense kumbali yake ya khoma, anafunsa kuti mbali yaikulu ikhala ya ndani. Pamenepo nzeru zinandithera. Nsomba imodzi yofiira inali itatsala kachitsa kokha, ikusambira chopendekera, ikubisala pakona.

Uku m'mawa kunayamba kuchita nkhungu paphiri, ndipo pokwera njinga zala zinkauma. Tsiku lina ndinadutsira kudimba kwa Che Saidi. Damu linali momwemo, lodzaza, lobiriwira, achule okha akusangalala. Koma m'mphepete mwake ndinaona kabedi katsopano kofunditsidwa udzu. Nditakweza udzuwo ndinapeza tomato atamera kale. Anali atafesa nazale. Che Saidi anali chapomwepo akunola khasu, anandiona ndikuyang'ana, n'kupitiriza kunola. Ndinabwezera udzu uja pamalo pake. Ndinamva manyazi omwe sindinawamvepo pantchito yanga yonse, chifukwa munthu ameneyu anataya nyengo yathunthu ya dimba lake chifukwa cha mawu anga, ndipo ine ndinali kutha masiku ndi michira ya nsomba zoonera.

Ndinauza amayi anu zomwe ndinkafuna kuchita. Anasiya kuseka tsiku limenelo. Anati, "Bambo a Esinati, nkhoswe imanyamula mawu, sinyamula ukonde. Mukagwira chinthu cha munthu wamkulu iye akuona, mwanyoza iye, mwanyozanso amene anakutumani." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ndiye mukudziwanso kuti sizithera pamenepo." Ndinati ndikudziwa. Ndinapinda waya, n'kusokerapo chidutswa cha katani yakale, n'kupanga kaukonde.

Linali Loweruka masana. A Mhango anali kuchipinda, Mayi Mhango akusita pakhonde. Ndinalonjera, n'kulowa pabalaza ndi ndowa yanga ngati masiku onse, n'kuyamba kuvuula matemba. Amene sanayesepo kugwira matemba m'bokosi lagalasi asandiuze za ntchito yovuta. Ankathawira pansi pa miyala, kuseri kwa kapampu, pakati pa nsomba zofiira zomwe. Udzu wapulasitiki unazuka, madzi anatayikira pakapeti, malaya anga ananyowa mpaka m'khwapa. Ndili pakati pa nkhondo imeneyi, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. A Nangondo, omwe chibwerereni sindinawaonepo akuponda pabalaza masana mkamwini ali m'nyumba, anali ataima pakhomo.

"Anakutumani zimenezo?"

"Sanandituma munthu, anganga. Ndadzituma ndekha. Kuli anthu ku Namitambo akudikira."

"Anthu a ku Namitambo ndiwo anakwatira mwana wanga?"

Ndinagwira katemba komaliza, n'kunyamula ndowa, n'kukaiika pamapazi pawo nditagwada. Matemba onse anali amoyo. Agogowo sanaiyang'ane n'komwe ndowayo. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena motsitsa mawu, koma momveka mpaka kuchipinda, kuti, "Mwamuna wako wandithamangitsa ndi wantchito wake. Undimangire katundu wanga." Chitseko cha kuchipinda sichinatseguke. Ndinatola kaukonde kanga n'kutuluka, madzi akudontha m'zigongono.

Lolemba ndinaitanidwa ku ofesi. A Mhango anali osameta ndevu, malaya osasita, chinthu chomwe sindinachionepo. Mayi Mhango anali ataperekeza amayi awo kwa Kadewere, atatenga ndi ana omwe, osanena tsiku lobwerera. Ndinaima n'kumadikira mkuntho. Iwo anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo.

"Lachitatu mupite ku Zomba. Ndinalonjeza, ndipo nsomba zija zasiya kulumidwa, ndaona ndekha." Anapuma mozama. "Koma ine ndiyenera kupita kwa Kadewere kukapepesa, ndipo sindingapite chimanjamanja. Apongozi akuti ndinakutumani. Kuti akhulupirire kuti sindinakutumeni, ayenera amve kuti ndakulangani. Ku Nsanje kukufunika mlangizi. Mwezi uno ukamatha mukhale mutapita."

Ndinati, "Bwana, mwandichotsa chifukwa cha matemba?"

"Musaitchule choncho, a Makwinja."

"Nanga ndiitchule bwanji?"

Mpaka lero palibe amene wandipatsa dzina lina la nkhaniyi. Ndinadzamva kwa dalaivala, patapita miyezi, kuti michira ija inameranso yonse, yaitali kuposa kale, ndi kuti abwana anaumba njerwa kwa Kadewere chilimwe chomwecho, nyumba ya malata, ya mawindo agalasi. Akuti a Nangondo ankauza aliyense kuti mkamwini wawo ndi munthu waulemu, kungoti anali ndi wantchito wina wamwano. Nditamva zimenezo ndinali pansi pa mtengo ku Nsanje, thukuta likuyenderera mpaka m'jombo, ndipo ndinapsa mtima mwakuti ndinalephera kumeza madzi.

Lachitatu lija tinanyamuka m'mawa ndi migolo yathu. Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa galimoto njira yonse, ndikuvundula madzi ndi dzanja kuti mbewu ipeze mpweya, ndikukalipira dalaivala pa bampu iliyonse. Tinafika ku Namitambo dzuwa litapendeka, mphepo yozizira itayamba kale kuwomba. Uthenga unali utatsogola. Amayi ndi abambo a kalabu anali ataima m'mphepete mwa msewu ndi ndowa, ena ndi mapoto, ndipo galimoto itaima kunamveka nthungululu. Tinagawa damu ndi damu. Ndinawaonetsa kuti asakhuthule mwadzidzidzi, ayambe athira madzi a m'damu pang'onopang'ono m'ndowamo kuti tiana tizolowere, kenako apendeketse ndowa tituluke tokha. Tochepa tinali titafa panjira, koma tambiri tinalowa m'madzi obiriwira aja n'kuzimiririka.

Damu lomaliza linali la Che Saidi. Anapinda thalauzi, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kupendeketsa ndowa yawo mosamala ngati akutsitsa khanda. Anakhala ataweramira madziwo nthawi yaitali. Atatuluka anaitana mlamu wawo n'kumuuza kuti mawa adzazule nazale ija akabzale kwake. Kenako anabwera pomwe ndinaima, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, onyowa, ozizira.

"Alangizi, ine ndinali nditakutayani. Mundikhululukire. Tikadzavuula, Mulungu akalola, nsomba yoyamba ndi yanu. Mudzalowa nokha m'madzimu, mudzasankhe yaikulu."

Ndinati zikomo, Che Saidi. Kunyumba amayi anu anali atayamba kale kukulunga mbale m'zitenje, kukonzekera ulendo wa ku Nsanje.